Mama Julia Chikamoneka: Mai wa Pamsika Amene Anadzidziwa

Pa tsamba lino la mbiri ya anthu amene anatisiya kale, ulendo uno tikumbukira Mama Julia Chikamoneka. Ambiri a ife dzina limeneli tinalimva kusukulu kapena pa wailesi m'nyengo ya cikondwerero ca ufulu, ndipo cimene cimakumbukika msanga ndi tsiku lija anavula pabwalo la ndege. Koma tsiku limodzi silingafotokoze munthu amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 70. Funso loyenera ndi ili: kodi mai wosapita patali ndi sukulu, wogulitsa zakudya pamsika, amene anabwera mu Lusaka ngati mlendo, anazitenga kuti mphamvu zoima pamaso pa boma lokhala ndi apolisi, asilikali ndi ndende? Mbiri yao ionetsa kuti mphamvuzo zinacokera m'mene iwo anali kudzionera. Boma la atsamunda linali ndi dzina lake lowachulira, koma iwo analikana. Anadzidziwa kuti ndi mai, ndi wapamsika, ndi mwini dziko, ndipo zonse zimene anacita zinaphuka pa mizu itatu imeneyi.

Mwana wa msilikali

Mama Chikamoneka anabadwa ca m'ma 1910 ku dera la Kasama, kumpoto kwa dziko lino. Dzina lao linali Julia Mulenga Nsofwa, ndipo anali a mtundu wa Abemba. Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Dzina lakuti Northern Rhodesia linakhazikika mu 1911, ndipo boma la Britain linatenga ulamuliro kucokera kwa kampaniyo mu 1924.

Atate ao anali msilikali, sajeni m'gulu la nkhondo la Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Kwa anthu a ku Kasama nkhondo imeneyi inali ya pakhomo. Amuna zikwizikwi anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu November 1918 asilikali a Germany, motsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, analowa mu Kasama mwenimwenimo. Uthenga wakuti nkhondo yatha unawapeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero timati Mbala. Nkhondo itatha, amene anasenza mfuti ndi katundu wa mfumu ya ku Britain anabwerera kumudzi kukapitiriza kukhoma msonkho, opanda mau alionse pa kayendetsedwe ka dziko lao. Mwana wokulira m'nyumba ya msilikali wotere anali kuona yekha kuti munthu wakuda ndi wofunika pa nthawi ya kufa, koma pa nthawi ya kudya amaiwalika.

Sukulu zinali zocepa, zambiri zinali za mamishoni, ndipo ana aakazi kawirikawiri anali kutsala kunyumba. Julia nayenso sanapite nayo patali sukulu. Koma panali cinthu cina cimene anakula naco. Abemba, monganso Acewa ndi Ansenga, amawerengera mtundu ku cikazi. Ana ndi a mbumba ya mai, ndipo mai wamkulu akalankhula pa mlandu wa banja anthu amachera khutu. Mtsikana woleredwa m'mwambo umenewu amadziwa kuti umai ndi udindo wokhala ndi mau. Ici ndi cuma cimene Julia ananyamula pocoka kwao.

Lusaka amene anampeza

Mu 1938 anabwera ku Lusaka pamodzi ndi amuna ao kudzafuna nchito. Panali patapita zaka zitatu cabe kucokera pamene likulu la dziko linasamutsidwa ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Mzinda watsopanowu anaukonzera azungu. Kumayadi kunali misewu yotakata ndi mitengo ya maluwa, pamene munthu wakuda anali kuonedwa ngati wanchito wongodutsa, amene mphamvu zikamthera ayenera kubwerera kumudzi. Mwamuna aliyense anali kuyenda ndi citupa. Nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito, kotero kuti nchito ikatha, nyumbanso yatha. Mkazi, kuti akhale m'tauni mosavutitsidwa, anayenera kuonetsa kuti ali pa ukwati. Tinyumba tozungulira ta udzu timene tinasungidwa ku Kabwata Cultural Village ndi mboni ya nthawi imeneyo: anatimangira mwamuna mmodzi wanchito, osaganizira za mkazi ndi ana.

Matero ndi mbali zatsopano za Chilenje zinamangidwa pambuyo pake, boma litavomera mocedwa kuti anchito ali ndi mabanja. Koma nyumbazo sizinakwanire. Anthu anayamba kumanga okha pa mafamu a azungu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, nalipira eni malowo mwezi ndi mwezi. Ndico cifukwa cake makomboni ena mpaka lero ali ndi maina a azungu, monga George, John Laing ndi John Howard. Chawama nayenso poyamba anali kuchedwa Roberts.

M'mzinda wotere mkazi wakuda analibe malo m'mabuku a boma. Sanali wanchito wolembedwa, sanali wovota, ndipo sanali mwini nyumba. Njira yopezera ndalama inali kuphika mowa mobisa, kugwira nchito m'nyumba za azungu, kapena kugulitsa pamsika. Amai Julia anasankha malonda a zakudya. Msika umenewo ndiwo unakhala sukulu yao, ofesi yao ndi bwalo lao la misonkhano.

Nkhondo inayambira pa ndiwo

Mu 1948 kunabadwa cipani ca Northern Rhodesia African Congress, cimene Harry Mwaanga Nkumbula anayamba kucitsogolera mu 1951, ndipo cinadziwika ndi dzina lakuti African National Congress. Nkhani yaikulu inali kukana citaganya ca maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, cimene anthu anaona kuti cidzapereka dziko lino m'manja mwa azungu a ku Salisbury. Mu 1953 a Nkumbula anatentha poyera cikalata ca boma ca citaganyaco muno mu Lusaka, naitanitsa masiku awiri a mapemphero a dziko lonse. Zonsezi sizinaletse kanthu, ndipo citaganya cinayamba caka comweco.

Atsogoleri a cipani anali aphunzitsi ndi makalaliki, odziwa Cingerezi ndi malamulo. Amai Julia sakanatha kupikisana nao polemba makalata opita ku London, ndipo sanataye nthawi kuyesa kukhala cimene sanali. Iwo anali kudziwa cinthu cimene mai aliyense anali kucidziwa: mtengo wa ndiwo ndi cipongwe ca pogula. M'masitolo ambiri a m'tauni munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pakhomo. Anali kuima panja, nagulira pa kazenera ka m'mbali. Kumabuchala kunali koipa koposa. Mzungu anali kulowa ndi kusankha nyama imene wafuna, pamene mai wakuda anali kuponyeredwa phukusi lokulungakulunga la mafupa ndi zotsalira, zimene anali kuzichula kuti nyama ya maboyi, osaloledwa kuona cimene walipirira.

Kuciyambi kwa 1954 cipani cinalengeza kuti anthu anyanyale mabuchala a mu Lusaka. Kunyanyala kotere sikungatheke popanda azimai, pakuti ndiwo amagula ndi kuphika. Apa ndi pamene mau a Amai Julia anamveka. Anayenda m'misika ndi m'makomo kukopa azimai anzao kuti alolere kudyetsa mabanja ao ndiwo zamasamba, nyemba ndi kapenta kusiyana ndi kugula cipongwe ndi ndalama zao. Azimai anaima pafupi ndi makomo a mabuchala kubweza ofuna kugula. Apolisi anagwira ambiri, ndipo Amai Julia m'zaka za nkhondo ya ufulu analowa m'zitolokosi kangapo. Koma eni masitolo anamva kuwawa m'thumba, ndipo kunyanyala kunabukanso m'matauni ena, makamaka mu 1956. Pang'onopang'ono timazenera tija tinayamba kutsekedwa, ndipo mu 1960 kunabwera lamulo loletsa tsankho m'malo odyera ndi m'nyumba zoonetsera kanema.

Taonani, azimai, mmene kudzidziwa kumasankhira munthu zida. Wina akanati ndale ndi za ophunzira, ine ndine wapamsika cabe. Amai Julia anaona kuti popeza ndi wapamsika, ali ndi cimene ophunzira alibe. Anali kukumana ndi azimai mazanamazana tsiku lililonse, anali kudziwa amene mwana wake wadwala ndi amene mwamuna wake wacotsedwa nchito, ndipo akalankhula anali kulankhula ngati mnzao wa pa mphasa imodzi. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la ufulu linafuna ophunzira, linafunanso amene anatha kudzutsa komboni yonse.

Dzina limene anadzipatsa

M'zaka zimenezo ndi pamene anayamba kudziwika ndi dzina lakuti Chikamoneka. Ndi liu la Cibemba, ndipo m'cinenero cathu litanthauza kuti cidzaoneka. Omenyera ufulu ambiri anali kutenga maina atsopano kuti asokoneze apolisi, koma dzina ili linaposa pa kubisala. Linali lonjezo. Cobisika ca ulamuliro wa tsankho cidzaonekera poyera, ndipo ufulu umene anthu anali kuuyesa maloto udzaoneka ndi maso.

Ife timadziwa kulemera kwa dzina. Mwana akabadwa pa nthawi ya maliro timamucha Mabvuto kapena Misozi, akabadwa pa mtendere timamucha Cikondi kapena Madalitso. Maina amenewo amanena za kumbuyo, za zimene makolo anapitamo. Dzina la Chikamoneka linali kunena za kutsogolo, ndipo mwini wake anacita kulisankha ali wamkulu. Aliyense wowaitana, kaya mnzao pamsika kaya wapolisi wolemba mlandu, anali kubwereza lonjezo lija ndi pakamwa pake. Munthu wodzicha dzina lotere wadzitsekera yekha njira yobwerera. Sakanatha kugona m'nyumba tsiku la msonkhano anthu namuitanabe Chikamoneka. Dzina linawamanga ku colinga cao monga mbuzi pa cikhomo, ndipo zaka zoposa khumi za kumangidwa ndi kuopsezedwa sizinadule cingweco.

Citini ca miyala

Mu October 1958 cipani cinagawanika. Kenneth Kaunda, Simon Kapwepwe ndi anzao anacoka kwa a Nkumbula nayambitsa Zambia African National Congress, ndipo Mama Chikamoneka anapita nao. Mu March 1959 bwanamkubwa Arthur Benson analetsa cipanico. Atsogoleri anatumizidwa kumadera akutali, a Kaunda ku Kabompo, kenaka kundende. Amuna atatengedwa, nchito inatsala m'manja mwa amene boma silinali kuwawerengera. Azimai anasonkha ndalama zothandizira mabanja a omangidwa, anabisa ofunidwa ndi apolisi, anaphikira alendo a cipani, ndipo ananyamula mauthenga ndi makhadi pansi pa tomato ndi m'zitenge zoberekera ana.

Kumapeto kwa 1959 kunabadwa United National Independence Party, imene Mainza Chona anaigwirizira mpaka a Kaunda atatuluka m'ndende mu January 1960. Likulu la cipanico kuyambira 1959 mpaka 1961 linali m'nyumba wamba ya ku Matero, nambala 3144, imene inaikidwa pa mndandanda wa zikumbutso za dziko. A Kaunda anali kukhala ku Chilenje, nyumba nambala 394. Ufulu wa dziko lino anaukonzera m'tinyumba ta zipinda ziwiri, pakati pa anthu onga ife.

Mama Chikamoneka anali mmodzi wa otsogolera gulu la azimai a cipani, lochedwa Women's Brigade, mpaka anthu anawapatsa dzina lina lakuti Mama UNIP. Masiku amenewo kunalibe lamya m'makomo, wailesi inali ya boma, ndipo msonkhano wopanda cilolezo unali mlandu. Iwo anali kutenga citini, naikamo miyala, nayenda usiku m'tinjira ta m'komboni akucigwedeza. Azimai akamva kulira kwa citinico anali kudziwa kuti kuli msonkhano. Cida cimeneci sicinagulidwe ndi ndalama, ndipo wapolisi akacipeza sakanadziwa mlandu woti alembe. Ndi nzeru ya mai amene anazolowera kupanga cakudya ca banja lonse ndi zocepa zimene zili m'nyumba.

Tsiku la pabwalo la ndege

Mu March 1960 nduna ya boma la Britain yoyang'anira maiko olamulidwa ndi atsamunda, Iain Macleod, inafika mu Lusaka. Khamu la anthu linapita kubwalo la ndege lakale, limene lero timati City Airport, ndi zikwangwani zofuna kuti citaganya cithe ndi kuti munthu aliyense akhale ndi voti. Pakati pa khamulo panali Mama Chikamoneka ndi anzao a m'gulu la azimai, monga Emelia Saidi ndi Mandalena Mumba. Mlendoyo atafika, azimaiwo anavula zakumtunda, naima mabere ali pamtunda, akulira pamaso pake. Osimba nkhaniyi amati Macleod anagwetsa misozi.

Nkhani iyi ifuna kuimva bwino, pakuti ife tinaleredwa kuti thupi la mai ndi lolemekezeka. Amai amenewa anali a zaka pafupifupi 50, ndipo mwambo anali kuudziwa kuposa ife. Pa cikhalidwe cathu, mai wamkulu akavula pamaso pa munthu cifukwa ca mkwiyo, ndiye kuti mau onse atha. Ndi malaulo, ndipo manyazi sagwera wovulayo koma amene wamfikitsa pamenepo. Mabere amene anayamwitsa ana amakhala mboni yotsutsa wozunza anawo. Mwamuna sakanatha kucita zimenezi, ngakhale mtsikana sakanatha. Ndi mai yekha, wodziwa kulemera kwa umai wake, amene akanasandutsa thupi lake kukhala mlandu pamaso pa boma la Britain. Apolisi anali okonzeka kulimbana ndi miyala ndi zibonga, koma pa ici anasowa cocita.

Sitikunena kuti tsiku limenelo lokha ndilo linabweretsa ufulu. Njira inali ikali yaitali ndi yowawa. Malamulo a masankho amene anakonzedwa mu 1961 anasinthidwa mokomera azungu cifukwa ca kukakamiza kwa Roy Welensky, nduna yaikulu ya citaganya. Mu July caka cimeneco cipani cinasonkhana ku Mulungushi, ndipo kunabuka cipolowe cochedwa Cha Cha Cha, makamaka kumpoto ndi ku Luapula. Anthu anatentha zitupa, anatseka misewu ndi mitengo, milatho ndi sukulu zinaonongeka, anthu anafa, ndipo zikwi zinamangidwa. Britain inakakamizika kukonzanso malamulowo. Masankho a October 1962 anabala boma la mgwirizano wa UNIP ndi ANC, citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo mu January 1964 kunacitika masankho oyamba amene munthu wamkulu aliyense, mwamuna ndi mkazi, anaponya voti. Pa 24 October 1964, pa Independence Stadium pafupi ndi Matero, mbendera ya Britain inatsika ndipo ya Zambia inakwera. Cimene dzina lija linalonjeza cinaoneka, mwini wake ali moyo.

Ufulu utabwera

Apa mbiri ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Pa mipando 75 ya nyumba ya malamulo ya mu 1964, azimai osankhidwa anali atatu okha: Nakatindi Yeta Nganga, Margret Mbeba ndi Ester Banda. M'nduna zoyamba za boma munalibe mkazi ngakhale mmodzi. Panapita zaka zisanu ndi zinai kufikira 1973, pamene Mutumba Mainga Bull anakhala mai woyamba kulowa m'gulu la nduna zazikulu. Maofesi atsopano anafuna masatifiketi, ndipo azimai amene anagona m'zitolokosi analibe. Ambiri anabwerera ku misika yao.

Mama Chikamoneka sanakhale nduna. Anapitiriza kutumikira m'gulu la azimai a cipani, limene pambuyo pake linachedwa Women's League, ndipo boma linawapatsa mendulo ya ulemu. Koma gululo nchito yake inasintha. Azimai amene kale anapita kubwalo la ndege kukatsutsa wolamulira, tsopano anali kutengedwa kupita kubwalo la ndege kukavina ndi kululutira olamulira. Dzina lakuti mai, limene linali mkondo pa nthawi ya nkhondo, ena analisandutsa mpanda: mai aphike, mai aimbe, mai avote, koma zolamula asiyire abambo. Ili ndi cenjezo kwa ife. Dzina limene limakupatsa mphamvu, wina angathe kulitenga ndi kukuchingira nalo njira, ngati ulola kuti iye ndiye azikuuza tanthauzo lake.

Anamwalira mu March 1986, ndipo anaikidwa ndi ulemu wa maliro a boma. Mai amene boma la atsamunda silinamlembe m'buku lililonse koma la milandu, dziko lonse linamlira. Mbeu imene anafesa inacedwa kubala, koma inabala. Mu 2015 Inonge Wina anakhala mai woyamba kukhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo caka comweco Irene Mambilima anakhala mkulu wa oweruza onse. Mu 2021 Nelly Mutti anakhala mai woyamba kutsogolera zokambirana za nyumba ya malamulo.

Makomboni nawonso anakana dzina

Mzimu umene unali mwa Mama Chikamoneka unaonekanso m'mbiri ya malo amene tikhalamo. Ufulu utabwera, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Mu 1963 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1969 anapitirira 260,000, ndipo mu 1980 anaposa theka la miliyoni. Ambiri a iwo anakhala ku Kanyama, George, Chawama, Kalingalinga ndi makomboni ena. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti anthu apatsidwe mapuloti omangapo okha.

Kwa zaka zambiri akuluakulu ndi manyuzipepala anali kuchula okhala m'makomboni kuti ndi anthu okhala pamalo popanda cilolezo, oyenera kugwetseredwa nyumba. Anthuwo sanadzione conco. Anadziona ngati nzika zimene zinamenyera dziko lino. Anakumba zitsime, analambula misewu, anamanga misika, naumba njerwa, ndipo pa nchito zonsezi azimai anali patsogolo. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni kuti akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo ndi thandizo la World Bank mipopi ya madzi, misewu ndi sukulu zinafika ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Anthu akanavomera dzina limene anapatsidwa, akanakhala ndi katundu m'manja kudikira tsiku lothamangitsidwa. Popeza anadziona ngati eni malo, anamanga ngati eni malo, ndipo lamulo linacita kuwatsatira pambuyo.

Cimene titengepo

Azimai anzanga, munthu amacita molingana ndi cimene amakhulupirira kuti iye ali. Mai amene mumtima mwake anavomera kuti ndi wa m'komboni cabe, wosaphunzira cabe, wamasiye cabe, safika pa msonkhano wa makolo kusukulu, ndipo akafika amakhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Sapita kwa khansala kukafunsa za ngalande yotsekeka. Mwana wake wamkazi akatenga mimba ali pasukulu, iye amangoti ndi mmene zimakhalira kwathu kuno, ngakhale kuti kuyambira 1997 boma linalola kuti mtsikana wotere abwerere m'kalasi akabereka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zotimenyera nkhondo sizinathe. Kolera ya 2017 ndi 2018, ndiponso ya 2023 ndi 2024, inakantha kwambiri makomboni monga Kanyama, kumene zitsime zosaya zimayandikana ndi zimbudzi ndipo madzi amasefukira dzinja lililonse. Odwala anali kuwagoneka ku National Heroes Stadium, pafupi penipeni ndi bwalo lija mbendera ya ufulu inakwerera. Amene amatunga madzi, kusamalira odwala ndi kukhala pa maliro ndi azimai. Conco amene adziwa bwino za mabvuto amenewa, ndi amene ayenera kumveka pokonza njira yowathetsera, ndi azimai omwewo.

Mbiri ya Mama Chikamoneka itiphunzitsa zinthu zitatu. Coyamba, sanadikire kuti akhale munthu wina asanayambe. Anayambira pa tebulo lao la malonda, ndi anthu amene anali kuwadziwa, pa nkhani imene inali kuwawawa tsiku ndi tsiku. Caciwiri, colinga cao anacimangirira ku dzina lao, kotero kuti kucisiya kukanakhala kudzikana okha. Colinga cimene munthu wangobwereka kwa anzake cimatha mvula yoyamba ikagwa, koma cimene camera pa cimene iye ali cimapirira cilala. Cacitatu, sanayende okha. Citini cija cinali coitanira ena, ndipo pabwalo la ndege anaima ndi anzao.

Sitikuitanidwa kubwereza zimene iwo anacita, pakuti nthawi yao inali ina ndipo mdani wao anali wina. Koma aliyense wa ife adzifunse kuti dzina limene amadziitana nalo mumtima analitenga kwa yani, ndipo likumtuma kucita ciani. Adzifunsenso za maina amene amaitanira ana ake aakazi akalakwa, pakuti mwana amene wakula akumva kuti ndi citsiru adzacita za ucitsiru, ndipo amene wakula akumva kuti ndi mai wa mawa wa dziko lino adzayenda moyenera dzinalo. Mtsikana wa ku Kasama uja anafika mu Lusaka wopanda satifiketi, wopanda nyumba yakeyake ndi wopanda voti. Anali ndi cinthu cimodzi cimene citupa sicikanalemba ndipo ndende sikanalanda: anali kudziwa kuti iye ndani.